Bwanji Nkhani ya Kupatsana Ziwalo Sinafike ku Gombe la Mangochi?

Munthu akaima pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi, pamene mtsinje wa Shire wangotuluka kumene m'Nyanja ya Malawi kulinga ku Malombe, amaona khamu la anthu likuoloka kuchokera tsidya la kum'mawa: ena asenza madengu a usipa, ena akukankha njinga za makala, ndipo ena atenga wodwala kunka naye ku chipatala cha Boma. Mwa odwala amenewa alipo ena amene nthenda yawo singatheke pa chipatala chimenechi, ngakhale madotolo atayesetsa chotani. Nkhani yathu ya lero ndi ya anthu otere, ndiponso ya mankhwala ena osagulidwa m'sitolo, amene mbale wa wodwalayo amayenda nawo m'thupi mwake iye osadziwa.

Tiyerekeze kuti msodzi wa kwa Makanjira, bambo wa zaka 40, wayamba kutupa miyendo ndi nkhope, mkodzo wachepa, ndipo nsima ikumkanika. Ayamba wapita ku chipatala chaching'ono cha kwawo. Kumeneko amtumiza ku boma, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. A ku boma amtumiza ku Zomba. Ndipo potsiriza afika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene amuuza kuti impso zake zonse ziwiri zaleka kugwira ntchito ndipo sizidzadzukanso. Kuti akhale ndi moyo ayenera kulumikizidwa ku makina osefa magazi, amene a chipatala amawatcha dayalisisi, kawiri kapena katatu pa mlungu, maola 4 ulendo uliwonse, kufikira tsiku la imfa yake. Makina otere ngochepa m'dziko muno, ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo oyembekeza mpata ngambiri. Koma ngalawa ya munthuyu, makoka ake, mkazi wake ndi ana ake, zonse zili kwa Makanjira. Kodi asamukire ku Blantyre? Nanga akadya chiyani kumeneko? Ena otere amangobwerera kumudzi, ndipo sitiwamvanso.

Njira ina ilipo. Munthu amabadwa ndi impso ziwiri, iliyonse kukula kwake ngati nkhonya ya mwini wakeyo, ndipo ntchito yake ndiyo kusefa magazi usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi impso zimasefa madzi okwana malita 180, koma ambiri zimawabwezera m'thupi, nkungotaya lita imodzi ndi theka imene timaitcha mkodzo. Chodabwitsa nchakuti impso imodzi yathanzi ikhoza kusenza yokha ntchito imeneyi. Chotero mchimwene kapena mlongo wa msodzi uja, ngati magazi ake agwirizana ndi a wodwalayo ndipo iye mwini alibe nthenda, akhoza kupereka impso imodzi natsala ndi imodzi, onse awiri nkukhala ndi moyo. Madotolo amaika impso yatsopanoyo m'munsi mwa mimba ya wodwala, ndipo kawirikawiri zakale zija amazisiya pomwepo. Wolandirayo amamwa mankhwala masiku onse a moyo wake kuti thupi lisakane mlendoyo, koma amatha kubwerera kwawo nakagwira ntchito yake.

Pano pa nyanja nkhani ya impso si yachilendo ayi. Mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsapo ku Chembe, ku Nkope kapena ku Malindi adziwa za ana okodza magazi, ndipo adziwanso kuti makolo ena sachiyesa kanthu. Imeneyo ndiyo nthenda ya likodzo. Tizilombo take timatuluka m'nkhono za m'madzi, tilowa pa khungu la wosamba kapena wochapa, ndipo mazira ake amakanirira m'chikhodzodzo ndi m'timipaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso. Zikapita zaka osalandira mankhwala, timipaipito timachita zipsera nkupanikizika, mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso imatupa nifa pang'onopang'ono popanda phokoso. Ndi chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo umagawa mankhwala a praziquantel m'sukulu, ndipo mphunzitsi amene amaonetsetsa kuti mwana aliyense wadya kanthu nameza mankhwalawo akupulumutsa impso zimene zikanafa mwanayo atakula. Onjezanipo kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga, amene tsopano afika ndi kumidzi komwe, ndipo muona kuti anthu onga msodzi wathu uja sadzachepa.

Ntchito yoika chiwalo cha munthu mwa mnzake si ya dzulo. Mu 1905 dotolo wina, a Eduard Zirm, anapenyetsa munthu wakhungu pomuika kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, kamene madotolo amakatcha cornea. Pa 23 Disembala 1954, ku Boston m'dziko la America, a Joseph Murray anatenga impso ya Ronald Herrick naiika mwa mphasa mnzake Richard, ndipo inagwira. Pa 3 Disembala 1967 dziko lonse linatembenukira ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, kumene a Christiaan Barnard anaika mtima wa mtsikana wofa pa ngozi ya galimoto, Denise Darvall, m'chifuwa cha a Louis Washkansky, amene anakhala nawo masiku 18. Ngakhale anansi athu ayambapo: Tanzania inaika impso koyamba pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu Novembala 2017, ndipo Zambia inatsatira mu 2018 pa chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka.

Nanga bwanji, patapita zaka zonsezi, munthu wa kwa Mponda kapena kwa Nankumba sanamvepo kuti impso imapatsika? Yankho limene limabwera msanga m'maofesi ndi lakuti anthu a kumudzi ndi mbuli. Ife tikuti yankho limeneli ndi la ulesi, ndipo ngati antchito a Boma alikhulupirira sadzapita nalo patali.

NJIRA IMENE KULIBE

Munthu saphunzira njira yopita kumene kulibe mudzi. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna impso wakhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, ena pa ndalama za Boma ndipo ena pa thumba lawo. Boma lachita chotheka, koma ulendo uliwonse ngwa anthu awiri kapena atatu, wodwala, wopereka ndi wodwazika, ndipo ndalama zakunja zilinso ndi ntchito zina zambiri. Ndiye kuti nkhaniyi imamveka m'mabanja owerengeka okha, ndipo kawirikawiri imawafika tsiku limene dotolo wanena kale kuti zinthu zavuta. Mlimi wa ku Namwera sanaonepo ndi maso ake munthu amene anapereka impso nabwerako akuyenda, akulima, akubereka ana. Katemera anthu anamkhulupirira chifukwa anaona nthomba ikutha. Pa nkhani ya ziwalo palibe chimene aona.

Kutenga ziwalo za munthu womwalira, kumene kumachitika m'maiko ena, nkovuta koposa. Mtima kapena chiwindi sizitengedwa kwa munthu amene wamwalira kunyumba usiku. Zimatengedwa kwa munthu amene ubongo wake wafa ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pamene makina akumpumitsabe ndipo magazi akuyendabe. Mtima ukachotsedwa uyenera kuikidwa mwa wina pasanathe maola 4 kapena 6. Impso imapirira tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono. Pafunika madotolo otsimikiza imfa ya ubongo, malo opimira magazi, kaundula wa oyembekeza, ndi galimoto kapena ndege yokonzeka nthawi iliyonse. Amene angapite kwa Katuli lero kukauza anthu kuti alembetse mitima yawo adzakhala akulonjeza chinthu chimene chipatala sichingathe kulandira. Zimene tingalankhule moona mtima pakali pano ndi zitatu: magazi, impso ya mbale wamoyo, ndipo mtsogolo muno kachikopa ka diso kaja, kamene kamatengedwa munthu atamwalira kale ndipo kamasungika masiku angapo. Ethiopia inatsegula nkhokwe yake ya maso mu 2003, ndipo Sri Lanka, dziko losalemera, lakhala likutumiza maso ku maiko ena kuyambira m'zaka za m'ma 1960.

LIWU LIMENE LINABEDWA

Koma kusowa kwa njira si chifukwa chachikulu. Kunena kuti anthu sanamve kanthu za ziwalo nkulakwa. Anamva zambiri, koma zonse zimene anamva ndi zoopsa. Tatchulani liwu lakuti "ziwalo" pa msika wa ku Monkey Bay, ndipo muone ngati alipo amene aganize za chipatala. Liwuli analanda ndi achifwamba, ndipo manyuzipepala ndi mawailesi, ife tomwe, timalitchula pokhapokha apolisi akagwira munthu ndi chikwama.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Akuluakulu akumbukira za kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre kuyambira 1968 mpaka 1970, pamene anthu oposa 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo, ndipo mphekesera inawanda yakuti magazi awo anali kutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole. Munthu wina, Walla Kawisa, anagwidwa mu 1970 naweruzidwa, koma mphekeserayo sinathe ndi mlanduwo. Inadzukanso mu 2002 ndi 2003 ndi dzina la anamapopa. Inabweranso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa popanda umboni uliwonse, kufikira bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Palibe namapopa ngakhale mmodzi amene anapezeka. Koma antchito a zaumoyo oyenda ndi zipangizo zopimira anthu anavutika kulowa m'midzi ina.

Anamapopa anali bodza, koma kuphedwa kwa abale athu achialubino si bodza. Kuyambira cha m'ma 2014 anthu amenewa anasakidwa, ena kuphedwa, ndipo manda ena anafukulidwa, chifukwa cha chikhulupiriro chopusa chakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Ku Machinga, boma loyandikana ndi Mangochi, mnyamata wa zaka 22, MacDonald Masambuka, anaphedwa mu 2018. Mu 2022 Bwalo Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa yake, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito ya chipatala. Tiyeni tiime pamenepa pang'ono, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Anthu atatu amene mudzi umawadalira koposa, wa kutchalitchi, wa kupolisi ndi wa kuchipatala, onse anatchulidwa pa mlandu umodzi wa ziwalo. Mayi wa kwa Chowe amene anamva chigamulo chimenechi pa wailesi, kodi tingamutche mbuli akachita mantha pomva namwino akunena zochotsa impso ya mwana wake? Maganizo ake ayenda bwinobwino. Chimene chalakwika ndi chakuti wapatsidwa theka la nkhani.

Boma linachita bwino mu 2016 pokhwimitsa lamulo la Anatomy Act, kuti wochotsa kapena wosunga ziwalo za munthu popanda chilolezo alandire chilango chowawa, mpaka kukhala m'ndende moyo wake wonse. Koma lamulo limeneli, limene linakhazikitsidwa mu 1990, lili ndi mbali ina imene anthu sanauzidwe. Ndilo lomwenso limalongosola za kupereka thupi la womwalira, kapena mbali yake, kuti lithandize pa maphunziro a udotolo, pa kafukufuku, kapena pochiritsa odwala. Mbali yolanga inalengezedwa m'misonkhano yonse. Mbali yopereka inatsala m'mabuku a maloya.

Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, inaonjezera mpeni pachilonda. Malamulo a zaumoyo amafuna kuti mtembo wa kolera ukulungidwe ndi kuikidwa moyang'aniridwa ndi a chipatala, ndipo malamulowo ngoyenera. Koma banja limene silinasambitse m'bale wake, ndipo silinaone thupi lake, limatsala ndi funso mumtima. Funso lotere likapanda kuyankhidwa masana ndi mlangizi wa zaumoyo, limayankhidwa usiku ndi wina aliyense.

Tisabisenso kuti malonda a impso alipo pa dziko lapansi. Anyamata ambiri a ku Mangochi amapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo ayenera kudziwa zimene zinachitika ku Durban. Pakati pa 2001 ndi 2003, pa chipatala cha St Augustine's, panachitika maopaleshoni 109 osaloledwa, pamene anthu osauka ochokera ku Brazil ndi Romania analipidwa kuti apereke impso kwa odwala olemera ochokera ku Israel. Mu 2010 kampani ya Netcare, mwini chipatalacho, inavomera mlandu nilipira chindapusa. Mu 2008 madotolo a maiko ambiri anagwirizana ku Istanbul kuti kugula ndi kugulitsa ziwalo nkoletsedwa. Wophunzitsa anthu za kupatsana ziwalo ayenera kuyamba ndi kusiyanitsa kumeneku momveka: pamene patchulidwa mtengo, pamenepo pali mlandu.

THUPI NDI LA YANI?

Chifukwa china sichitchulidwa kawirikawiri, mwina chifukwa chakuti amene amalemba mapepala a chipatala anaphunzira kuchokera m'mabuku a ku Ulaya. Kumeneko thupi ndi la mwini wake. Iye akasaina, nkhani yatha, ndipo akamwalira amafunsidwa mkazi kapena mwamuna wake. Kuno si choncho. Pakati pa Ayao ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja, munthu ndi wa mbumba ya kuchikazi. Mwamuna amakhala pa chikamwini, koma akadwala kwambiri uthenga umapita kwawo. Akamwalira, amene amanena za maliro ndi malume ake kapena mwini mbumba. Mtsikana wofuna kupereka impso kwa mlongo wake sangangonyamuka ulendo wa ku India. Afunsa amayi ake, afunsa malume ake, ndipo mwamuna wake naye afuna kudziwa ngati mkaziyo adzaberekanso. Yankho ndi lakuti inde, amayi ambiri opereka impso amabereka, ngakhale kuti pa nthawi ya pakati amafunika kupimidwa kawirikawiri. Koma ndani anamuuza malumeyo?

Ife sitiona mwambo umenewu ngati chopinga. Makolo anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo impso imene imagwira bwino koposa kawirikawiri ndi ya mbale wa bere limodzi. Mtundu umene mbumba yonse imasonkhana pa matenda uli kale ndi chimene maiko ena amachifunafuna ndi zikwangwani. Cholakwika nchakuti uthenga umaperekedwa kwa munthu mmodzi m'kachipinda ka dotolo, m'Chingerezi chosakaniza, pamene oyenera kuumva akhala panja pansi pa mtengo. Ndipo pali ngozi ina imene tiyenera kuitchula: pamene banja ndilo ligamula, wofooka m'banjamo, mtsikana wosakwatiwa kapena mnyamata wosagwira ntchito, akhoza kukakamizidwa. Ndi chifukwa chake m'zipatala zoika impso wopereka amafunsidwa payekha, ndipo ali ndi ufulu wokana ngakhale tsiku la opaleshoni lomwe. Ayeneranso kuuzidwa zoona, kuti opaleshoni iliyonse ili ndi ngozi yake, ndi kuti mwa opereka impso 10,000 pafupifupi 3 amamwalira nayo.

Ena amati chipembedzo ndicho chiletsa, makamaka ku Mangochi kumene Asilamu ngambiri. Nzoona kuti pa Chisilamu mtembo umalemekezedwa, umasambitsidwa, ukulungidwa m'nsanda, ndipo umaikidwa msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo. Nzoonanso kuti akatswiri ena a chipembedzochi sagwirizana ndi kuchotsa chiwalo cha womwalira. Koma mu Febuluwale 1988, ku Jeddah, bungwe la akatswiri a malamulo a Chisilamu la International Islamic Fiqh Academy linagamula kuti nkololedwa kuika chiwalo cha munthu wamoyo mwa wina ngati woperekayo saonongeka nazo, ndiponso cha womwalira ngati iye mwini kapena olowa m'malo mwake analola. Chimene linaletsa ndi kugulitsa. Maiko a Saudi Arabia, Turkey ndi Pakistan amaika impso chaka ndi chaka. Kumbali ya Akhristu, Papa Pius XII anavomereza kupereka maso a womwalira kale mu 1956, ndipo Papa John Paul II mu 2000 analankhula pa msonkhano wa madotolo oika ziwalo ku Rome nayamikira ntchitoyi. Tsono chipembedzo sichinatseke khomo. Kungoti zigamulo zimenezi zinalembedwa m'Chiarabu, m'Chingerezi ndi m'zinenero zina za kutali, ndipo shehe wa pa mzikiti wa kumudzi kapena mkulu wa mpingo wa kumudzi sanafunsidwepo funsoli, choncho sanakhale ndi chifukwa cholifufuzira.

Pa chinenero pomwepa pali mpata wina. M'boma la Mangochi, m'mene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni, ambiri amalankhula Chiyao pakhomo, ndipo odziwa kuwerenga ngochepa poyerekeza ndi maboma ena ambiri. Chikwangwani cha Chingerezi pa khoma la chipatala chimangokongoletsa khomalo. Komabe boma lino lili ndi mwayi umene maboma ena alibe: Radio Maria ili ndi likulu lake ku Mangochi konkuno, wailesi ya Dzimwe imamveka m'dera la Monkey Bay, ndipo Radio Islam ili ndi omvera ambiri. Sukulu ya udotolo, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ili ndi nthambi pa boma pomwepa, kumene ophunzira amadzaphunzira za umoyo wa anthu a m'midzi.

AKAFUNSIDWA BWINO AMALOLA

Kodi ulipo umboni wakuti Amalawi angalole? Ulipo, ndipo ndi wochokera pa nthawi yowawa koposa. Kuyambira 1996, pa chipatala cha Queen Elizabeth, gulu la madotolo lotsogozedwa ndi a Terrie Taylor ndi a Malcolm Molyneux linayamba kupempha makolo a ana omwalira atakomoka ndi malungo a mu ubongo kuti alole kupima mitembo ya anawo. Taganizani kulemera kwa pempho limeneli: mayi wangotaya mwana, ndipo akumupempha kuti thupi la mwanayo ling'ambidwe. Ambiri anakana, ndipo kukana kwawo kunalemekezedwa. Koma pa zaka zoposa 10 mabanja pafupifupi 100 analola. Chifukwa cha iwo, mu 2004 madotolo analengeza kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena, ndiponso kuti kuyang'ana mkati mwa diso la mwana kumathandiza kuzindikira nthenda yeniyeni. Nzeru imeneyi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Makolo amenewo sanali ophunzira kuposa a ku Mangochi. Anafunsidwa m'chinenero chawo, mwaulemu, anauzidwa chimene chidzachitike, ndipo thupi la mwana linabwezedwa kwa iwo kuti akaike monga mwa mwambo wawo.

Umboni wina uli pa chipatala chilichonse cha boma. Mayi akataya magazi pobereka, kapena mwana akayera m'maso ndi malungo, achibale amatambasula mkono kupereka magazi, ngakhale amene dzulo lake ankanena za anamapopa. Chifukwa chake nchapafupi: akumuona wodwalayo, akumdziwa, ndipo adziwa kumene magaziwo akupita. Ntchito imene yatsala ndiyo kuwafikitsa pa kupereka kwa munthu amene sakumdziwa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, ndipo limatenga mamililita 450 okha mwa malita pafupifupi 5 amene munthu wamkulu ali nawo; thupi limabwezeretsa lokha. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati dziko limafunika anthu osachepera 10 opereka magazi mwa anthu 1,000 alionse, ndipo tikawerengera Mangochi yekha ndiye kuti pafunika oposa 11,000 pa chaka.

Apa ndi pamene inu aphunzitsi mulowa. Ambiri opereka magazi mwaufulu m'dziko muno ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale, ndipo amatero chifukwa mphunzitsi wina anaima patsogolo pawo nawafotokozera. Phunziro la impso lili kale m'buku la sayansi. Chimene chisowa ndi mphindi 10 zonena kuti impso imodzi ikwana, kuti likodzo limaipha, kuti mbale akhoza kupatsa mbale, ndi kuti wotchula mtengo ndi wakuba. Mwana wa Fomu 3 amene wamva zimenezi lero ndiye adzakhale malume wofunsidwa patapita zaka 20. Inunso a m'maofesi a Boma, mukaitana mafumu, mashehe ndi abusa ku msonkhano wa zaumoyo, musawapatse chomaliza chokha chakuti akauze anthu awo. Muwalole afunse mafunso awo onse, ngakhale amene akuoneka opanda pake: kodi chiwalo chikachotsedwa chimapita kuti, ndani amachiona, kodi womwalira wopanda diso adzauka bwanji, kodi wopereka magazi satha mphamvu m'nyumba. Ndipo pamene yankho ndi lakuti chipatala chathu sichinafike pochita zimenezo, munene chomwecho.

Ndi bwinonso kuti phunziroli liyambe ndi ife eni. Sukulu zikatsekera tchuthi cha Disembala, galimoto yotolera magazi imasowa kopita, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene mvula yagwa, udzudzu waswana, ndipo m'chipinda cha ana pa chipatala cha Mangochi mwadzaza odwala malungo osowa magazi. Mtunda wochokera pa chipatalapo kufika ku maofesi a Bwanamkubwa ngwoyenda pansi, ndipo m'maofesi amenewo, ku polisi, ku khoti ndi m'nyumba za aphunzitsi muli amuna ndi akazi athanzi ambirimbiri amene sanatambasulepo mkono.